Manja a woyimbitsa ndi chitini cha ndalama: mbiri ya utsogoleri wa makwaya kwathu ku Mwanza



Mwezi wathawu kunabwera mdzukulu wanga wina wamkazi kuchokera ku Blantyre, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Anzake a kwaya ya achinyamata ku mpingo kwawo anamusankha kuti akhale woyimbitsa. Atamwa madzi ndi kupumula, anakhala pamkeka nati, "Agogo, paja inu munayimbitsa kwaya zaka zambiri. Tandiphunzitsaniko kayendetsedwe ka manja." Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti za manjazo tikhoza kumaliza nsima isanapse, koma ayambe wandiyankha mafunso atatu. Ndalama za kwaya amasunga ndani? Mukaweruka dzuwa litalowa, atsikana amawaperekeza ndani? Nanga iwe ukadwala Lamulungu m'mawa, adzaima kutsogolo ndani? Mwanayo anangoti kukamwa yasa. Choncho ndinaganiza zolemba nkhaniyi, kuti iye ndi anzake adziwe kumene udindo umenewu unachokera, ndi katundu amene umabwera naye.

Mawu akuti kwaya ndi obwera, koma kuyimba pagulu makolo athu sanachite kuphunzira kwa mlendo. Pamtondo, padima, pamaliro, pachinamwali ndi pabwalo la gule pankakhala munthu woyambitsa nyimbo, ena onse n'kumavomera. Munthu ameneyu ankaima m'bwalo momwemo pakati pa anzake, ndipo mphamvu zake zinali ndi malire oonekeratu. Akayambitsa nyimbo anthu osaivomera, nyimboyo yafera pomwepo, ndipo wina ankayambitsa ina popanda mlandu uliwonse. Ndinaziona ndi maso anga ndili mwana, amayi ena a mawu okoma akuyambitsa nyimbo kawiri konse anzawo ali chete, chifukwa dzulo lake anali atanyoza anzawowo kuchitsime. Sipanakhale msonkhano, sipanakhale kalata. Kukhala chete komweko kunali chigamulo.

Chinthu china chimene ndikufuna muchisunge ndi ichi: woyambitsa nyimbo sankasenza zonse. Mwini ng'oma anali wina, ndipo ndiye ankadziwa nthawi yoziwamba pamoto ndi kuzimata phula kuti zilire bwino. Wokapempha bwalo kwa amfumu anali wina. Amayi ofulula thobwa la ovina anali ena, ndipo pachinamwali mawu otsiriza anali a namkungwi, ngakhale namkungwiyo atakhala wa mawu osasa. Akuluakulu poti mutu umodzi susenza denga sankangokometsa pakamwa. Umu ndi mmene gule ankayendera.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anafalitsa magule otsanzira perete wa asilikali: beni pakati pa Ayao, malipenga m'mbali mwa nyanja chakumpoto, ndi mganda m'chigawo chapakati. Gulu lililonse la malipenga kapena mganda linkatchedwa boma, ndipo linali ndi maudindo ake, kuyambira kingi mpaka dokotala woyang'anira ukhondo wa ovina. Ankasonkha ndalama, kugula zovala zofanana, kulemberana makalata oitanirana mpikisano, ndi kulipiritsa wochedwa. Magule amenewa si a kuno kwenikweni, pakuti ife kwa Kanduku ndi kwa Nthache tinakulira pa ngoma ndi gule wamkulu, koma ndawatchula chifukwa akutionetsa kuti anthu akumudzi ankadziwa kuyendetsa bungwe la oyimba kalekale, mawu akuti komiti asanazolowereke m'mipingo.

Tsono kwaya monga tikuidziwira lero inabwera ndi amishoni. A mpingo wa ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo m'masiku a David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, kuyimba kunali kale mbali ya maphunziro a ana a pamishoni. Kuno kumadzulo kwa Shire uthenga unafikanso ndi ena. Ansembe a chipani cha Montfort, atayamba ku Nzama mu 1901, anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ntchito ku Matandani mu 1908. Musadabwe kuti ndikutchula Neno pa nkhani ya Mwanza. Tinali boma limodzi mpaka 2003. Kuchokera m'malo amenewa aphunzitsi ndi akatekisiti ankatumizidwa m'midzi kukatsegula timasukulu ta udzu, ndipo pafupifupi aliyense wa iwo ankayenera kuphunzitsa nyimbo.

Chida chawo chachikulu, makamaka m'mipingo ya Chipulotesitanti, chinali kalembedwe ka nyimbo kotchedwa solofa, kaja ka do, re, mi. Kalembedwe kameneka anakayambitsa mayi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo mbusa John Curwen, amene anamwalira mu 1880, ndiye anakakonza ndi kukafalitsa mu Britain monse. Ubwino wake unali wakuti sikafuna limba kapena pepala la mizere. Choko ndi bolodi n'zokwanira. Kanali ndi zizindikiro za manja zomwe: chibakera kutanthauza do, chikhatho chogoneka chafufumimba kutanthauza mi, ndi zina zotero. Ndi solofa, nyimbo inagawika m'mawu anayi, sopulano, aluto, tena ndi besi, ndipo aliyense anayenera kuyimba zimene zalembedwa, osati zimene khutu lake lamuuza.

Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Woyambitsa nyimbo wa kumudzi ankalandira mphamvu kuchokera kwa ovomera. Mphunzitsi wa mishoni ankalandira mphamvu kuchokera m'buku, ndipo m'mudzi monse wodziwa kuwerenga bukulo anali iye yekha. Anatuluka m'bwalo, naima kutsogolo, anthu n'kundanda m'mizere kumuyang'ana. Popeza wodziwa kulemba analinso yemweyo, kaundula wa mayina anali kwa iye, makalata ankalemba iye, ndipo tindalama tikasonkhedwa tinkalowa m'thumba la jekete lake. Sindikunena kuti anthu amenewa anali adyera. Ambiri anali anthu odzipereka, olandira malipiro ochepetsetsa, oyenda mitunda italiitali wapansi. Koma ntchito zimene kumudzi zinkagwiridwa ndi anthu asanu zinaunjikana pamutu pa munthu mmodzi, ndipo mwambo umenewo tinaulandira ife osaufunsa.

Si amishoni onse amene anatseka khutu ku nyimbo zathu. Kumpoto, Donald Fraser, amene anafika m'dziko muno mu 1896 ndipo pambuyo pake anakhala ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo pa misonkhano ikuluikulu ya Akhristu. Anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo za m'tchalitchi pa mang'ombe a Chingoni, ndipo zina zikuyimbidwabe. Kwa Akatolika, khomo linatseguka kwenikweni ndi msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, umene unalola zilankhulo ndi mayimbidwe a eni dziko pa Misa. Chilatini chinayamba kuchepa, ng'oma ndi zisekese zinalowa m'tchalitchi. Ndimakumbukira akuluakulu ena akung'ung'udza kuti tchalitchi chasanduka bwalo la gule. Koma taonani chimene chinachitika: ng'oma itangolowa, katekisiti anayamba kufuna thandizo la munthu wodziwa kuiwamba, amene mwina sanapiteko n'kusukulu komwe. Udindo unayambanso kugawika.

Panalinso mtsinje wachitatu umene unathira m'dziwe lomweli. Njira ya ku Halale inkadzera kuno kwathu, kudutsa Zobue ndi Tete, ndipo amuna amene ankabwerera kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi magalamafoni ndi mayimbidwe a makwaya a kumeneko, oyimba akuponda sitepe pamodzi. Kwaya yoyimba ili chiimire ngati mitengo ya bulugama inayamba kugwedezeka. Za zimenezi ndidzalemba tsiku lina.

Ine ndinalowa m'mbiri imeneyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nditatuluka ku koleji ya aphunzitsi. Masiku amenewo mphunzitsi wa pulayimale ankaphunzira kuphunzitsa chilichonse, nyimbo zomwe, ndipo pakhoma pankapachikidwa tchati cha solofa chimene tinkalozapo ndi kandodo. Nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka ndipo inasankhidwa pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, inali mayeso a mphunzitsi aliyense watsopano. Ana akaiyimba m'mawu anayi pa mzere wa m'mawa, mphunzitsi wamkulu ankagwedeza mutu, ndipo ukatero wadziputira ntchito: kwaya ya sukulu ndi yako, ya ku tchalitchi ndi yako, ndipo pa 6 Julaye kapena kukabwera mlendo wa boma, woitanidwa ndiwe.

Ku koleji anatiphunzitsa kuwerenga solofa, kupereka kiyi ndi kuyendetsa manja. Palibe amene anatiuza za ntchito yeniyeniyo. Ndinaidziwira pamalo. Kwaya imakumana kawiri kapena katatu pamlungu, ndipo nthawi ya dzinja anthu ali kumunda, nthawi ya nachesi ali m'mitengo kapena pamsewu kugulitsa, tsono uyenera kudziwa kalendala ya mudzi kuposa ya tchalitchi. Uyenera kupita kwa makolo a mtsikana aliyense, kukhala pansi, kuvula chipewa, ndi kulonjeza kuti mwana wawo adzafika pakhomo kusanade. Kwa mayi wokwatiwa uyenera kulankhula ndi bambo wa pakhomopo, mwinanso ndi apongozi. Uyenera kudziwa kuti awiri aja a aluto salankhulana chifukwa cha malire a dimba, ndipo usawaimike moyandikana. Palafini wa nyali, choko, mapepala olembapo nyimbo, zonsezi zimafuna ndalama. Maliro akagwa, kwaya ndiyo imachezera pasiwa usiku wonse, ndipo ukapita ku maliro a kwa wolemera n'kulephera a kwa wosauka, mudzi sudzaiwala. Kuyimbitsa kwenikweniko, kuja anthu amaona Lamulungu, sikupitirira mphindi khumi.

Pali ntchito ina yovuta kuposa zonsezi, ndiyo kuuza munthu zoona za mawu ake. M'kwaya iliyonse mumakhala mayi kapena bambo wokhulupirika, wosajomba, woyamba kufika ndi kusesa, koma mawu ake amasokoneza mzere wonse. Woyimbitsa wachinyamata amafuna kumuchotsa. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti munthu wotere ndiye mzati wa kwaya, ndipo a mawu okoma aja ndi amene amasowa mvula ikagwa. Ndinkamuika pakati pa awiri amphamvu, kapena kumupatsa chisekese, kapena udindo wosunga mabuku. Koma kumuuza kuti akhale pansi, pamaso pa anzake, ndi kupha munthu ali moyo.

Tsopano ndikuuzeni za kugwa kwanga, chifukwa si bwino kuti nkhalamba izingofotokoza zolakwa za ena.

Chinali chaka cha 1984, ndikuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi malire, ndipo ndinkayimbitsa kwaya ya mpingo wa pamenepo, anthu pafupifupi makumi anayi. Tinaitanidwa ku msonkhano wa makwaya ku Blantyre. Ambiri mwa oyimba anga anali asanaolokepo Shire. Tinagwirizana zopeza ndalama za yunifolomu ndi za galimoto. Miyezi inayi tinagwira ganyu: kuumba njerwa, kupalira, ndipo nyengo ya nachesi itafika tinkathyola ndi kusenza madengu kupita nawo kumsewu. Ndalama zonse zinkabwera kwa ine. Ndinkaziika m'chitini cha mkaka, chitinicho m'sutukesi, sutukesiyo pansi pa bedi. Sindinkalemba paliponse, poti ndinkati mutu wanga ndi wa masamu, ndipo palibe amene akanalimba mtima kufunsa aphunzitsi.

Mwana wathu wina atadwala, ndinatapamo pang'ono, ndili ndi mtima wodzabweza pakutha pa mwezi. Sindinauze munthu. Kenaka ndinapangana ndi mwini lole wina, ndipo ndinamupatsiratu theka la mtengo wake, pamsika, popanda mboni kapena kapepala. Nsalu ya yunifolomu ndinagula ndekha, telala ndinasankha ndekha.

Tsiku la ulendo tinafika pamsewu tambala woyamba atangolira, amayi atanyamula mbatata zophika ndi nkhuku zootcha, atsikana atavala yunifolomu yatsopano, makolo ena atabwera kudzatiperekeza. Dzuwa linatuluka. Linafika pamutu. Lole sinabwere. Pamene linkapendeka, mnyamata wina wa besi, amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 5, anaimirira nati, "Aphunzitsi, ngati galimoto yalephera, tipatseni ndalama zathu tikwere basi, ngakhale ochepa okha akatiimirire." Ndinatsegula chitini pamaso pa onse. Zimene zinalimo sizikanafikitsa ngakhale anthu khumi. Anandifunsa kuti zonse pamodzi zinali zingati. Ndinatchula nambala. Wina anatchula ina yokulirapo. Panalibe buku loti litiweruze.

Sindinabe, adzukulu anga, ndipo ndalama ya mwana wodwalayo ndinabweza mwezi womwewo. Koma ndinalibe njira yoonetsera kuti sindinabe, ndipo pamaso pa anthu ziwirizi sizisiyana kwenikweni. Lamulungu lotsatira mzere wa besi unali mbee. Patapita milungu iwiri ndinamva kuti ayambitsa kwaya yawo kutsidya kwa mtsinje. Mkazi wanga ankapita kuchitsime mbandakucha kuti asakumane ndi anzake.

Akulu a mpingo anaitanitsa bwalo. Abambo analankhula zambiri, ena kundiikira kumbuyo, ena kundidzudzula, mpaka mayi wina wachikulire wa Mvano, amene sankadziwa kulemba ngakhale dzina lake, anapempha mwayi. Anagwada monga mwa ulemu, nati, "Aphunzitsi, ine ndingofunsako. Manja anu ndi awiri ngati athuwa. Mukakweza onse awiri kuyimbitsa, chitinicho mumachigwira ndi chiyani?" Anthu anaseka, ine ndinaweramitsa mutu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo imeneyo inandipeza pamphumi penipeni. Mayiyo anapitiriza kufotokoza mmene amayi a Mvano ankachitira: wosunga ndalama wina, wolemba wina, ndipo pa msonkhano uliwonse ndalama zimathiridwa pa nsalu ndi kuwerengedwa mokweza, aliyense akuona. Amayi amenewa anali atasunga nzeru ya pabwalo ija, imene ife ophunzira tinaitaya.

Kuyambira pamenepo kwaya yathu inakhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, osankhidwa ndi oyimba eni ake chaka ndi chaka, ndipo ine sindinakhudzenso tambala ya kwaya mpaka ndinapuma ntchito. Tinagula kope lachikuto cholimba. Lamulungu loyamba la mwezi mlembi ankawerenga zolowa ndi zotuluka. A besi aja anabwerera mmodzimmodzi, koma osati onse. Mnyamata amene anandifunsa pamsewu uja sanabwerere, ndipo tinadzagwirana chanza patapita zaka zisanu ndi chimodzi, pamaliro.

Musaganize kuti komiti inathetsa mavuto onse. Inabweretsa ake. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo wapampando woyamba ankafuna kusankha nyimbo ndi kugawa mizere, poti iye ndiye wamkulu. Tinakangana kangapo tisanapeze malire, amene ndimawaonabe kuti ndi abwino. Nyimbo ikayamba, mawu otsiriza ndi a woyimbitsa, ndipo ngakhale wapampando amatsata dzanja lake. Nyimbo ikatha, woyimbitsa ndi membala ngati wina aliyense: amasonkha, amapempha chilolezo, ndipo akalakwa amaitanidwa. Pamwamba pa onse pali akulu a mpingo, chifukwa kwaya ya mpingo si munda wa munthu. Pa nkhani ya atsikana tinaika lamulo losapindika, lakuti amayi awiri achikulire azikhalapo pa kukumana kulikonse ndi pa ulendo uliwonse, ndipo woyimbitsa asaphunzitse mtsikana ali yekha. Ndaona makwaya abwino akutha, ndi ana a eni ake akusiya sukulu, chifukwa cha oyimbitsa amene anasandutsa udindo kukhala msampha. Pamenepa sindiseka ndi munthu.

Phunziro lina linabwera ndi nkhondo ya ku Mozambique. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo anadzaza m'midzi ya m'malire ndi m'misasa monga Chifunga ndi Luwani, ndipo m'dziko lonse chiwerengero chawo chinafika pa miliyoni imodzi. Ambiri anali abale athu enieni, olankhula chinenero chomwechi, ena Chinyungwe. Ena analowa m'makwaya athu. Kwathu kunabwera mnyamata wa tena amene sankadziwa solofa ngakhale pang'ono, koma akamva nyimbo kamodzi ankagawa mawu onse anayi ndi khutu lokha, ndipo anali ndi nyimbo zambiri zimene ife sitinkazidziwa. Oyimba anayamba kumukonda. Ndivomere kuti mtima unandipweteka, ndipo ena ankandinong'oneza kuti mlendo asatilande kwaya. Koma chitini chija chinali chitandiphunzitsa kanthu. Ndinamupatsa tsiku limodzi pamlungu kuti aziphunzitsa, ine n'kumalemba nyimbo zakezo mu solofa kuti zisatayike. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, iyenso anapita. Nyimbo zake zinatsala m'kope.

Zimenezi zinanditsegula maso pa chinthu chimene chapha makwaya ambiri a kumidzi kuposa ndalama. Mphunzitsi ndi munthu wa kalata. Lero ali pano, mawa boma lamutumiza kwina. Ndikhoza kuwerenga pa zala masukulu ndi mipingo kumene kwaya inali yotchuka, mphunzitsi atasamuka n'kuzima ngati moto wa mapesi, chifukwa nyimbo zonse zinali m'mutu mwake ndipo sanafune kuti wina adziwe kupereka kiyi. Ena ankachitira dala, kuti azisowedwa. Ine pa malo aliwonse amene ndinakhala pambuyo pake ndinkasankha achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, kuwaphunzitsa solofa, ndi kuwaimika kutsogolo kamodzi pamwezi ine nditakhala kumbuyo pa mzere wa besi. Ankalakwitsa, ndipo manja ankandiyabwa, koma ndinkawapinda.

Zaka zimenezo dziko la nyimbo linali likusintha. Ku Balaka, gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pa parishi ya Akatolika mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici, ndipo Paul Banda ndi anzake anaonetsa kuti nyimbo zoyambira kutchalitchi zikhoza kujambulidwa ndi kumveka m'dziko lonse. Makaseti atafala, kenaka mawailesi atachuluka pambuyo pa 1994, makwaya monga Ndirande Anglican Voices ya Dennis Kalimbe ndi Great Angels Choir ya Ephraim Zonda anatchuka mpaka kumidzi, ndipo kwaya iliyonse inayamba kulota zopita ku situdiyo. Apa mtsogoleri wa kwaya anasanduka manijala weniweni: kupangana mtengo ndi ojambula, kukonza mwambo wokhazikitsa chimbale, kufunafuna mlendo wolemekezeka, kuchititsa pepa Sande. Panabukanso funso limene makolo athu sankalidziwa, lakuti nyimbo ndi ya yani. Pamtondo nyimbo inalibe mwini. Koma lamulo la umwini wa zaluso la 1989 litakhazikitsidwa, ndipo bungwe la COSOMA litayamba ntchito mu 1992, nyimbo inakhala katundu. Kodi ndi ya amene anaipeka, ya kwaya imene inaiyimba, kapena ya mpingo umene dzina lake lili pachikuto? Makwaya amene sanakambirane funso limeneli asanajambule analikambirana atajambula, mokweza mawu, ndipo ena anagawikana pomwepo.

Kiyibodi nayo inabwera ndi ufumu wake. Chitini changa chija masiku ano chimaoneka ngati kiyibodi. Ikakhala ya munthu mmodzi, kapena woidziwa akakhala mmodzi, iyeyo ndiye kingi. Akakwiya, Lamulungu limenelo kulibe kwaya. Ndipo ndikudandaula kuti ana ambiri lero satha kuyamba nyimbo magetsi akazima. Mbali ina vutoli linayambira kusukulu. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'makalasi m'chaka chimodzi, aphunzitsi ambiri analembedwa mwachangu, ndipo mphunzitsi wa ana zana limodzi pansi pa mtengo analibe mpata wa do, re, mi. Pambuyo pake nyimbo zinaphatikizidwa ndi maphunziro ena a zaluso m'phunziro limodzi. Sindikutsutsa maphunziro aulere, pakuti ndinaona ndi maso anga ana a amphawi akulowa m'kalasi koyamba. Ndikungonena kuti sukulu inasiya kutulutsa oyimbitsa, ndipo ntchito yowaphunzitsa inatsalira makwaya eni ake.

Izi zonse ndinamufotokozera mdzukulu wanga uja, nsima n'kuzizira. Pamapeto ndinalowa m'nyumba ndi kutulutsa kope lija lachikuto cholimba, limene mlembi wotsiriza anandipatsa monga chikumbutso pamene linadzaza. Analitsegula mwachidwi, akuyembekeza nyimbo. Anapeza mayina ndi timizere ta ojomba, mtengo wa palafini, ndalama ya chipepeso pa maliro a mayi wa membala wina, chindapusa cha wobwera ataledzera, mayina a amayi operekeza atsikana mlungu ndi mlungu. Anatembenuza masamba ambiri ndithu asanafunse kuti, "Nanga nyimbo zili pati, agogo?" Ndinamuuza kuti ayambire kumapeto. Zinali kumeneko, masamba khumi ndi awiri okha, zina mwa izo za mnyamata wa ku Mozambique uja.

Manja ndinamuphunzitsa ndithu, m'mawa mwake, tikudikira minibasi. Sizinatenge nthawi. Mlungu wathawu anandiimbira foni kunena kuti asankha msungichuma ndi mlembi, ndipo mnzake wina wa aluto wayamba kuphunzira kupereka kiyi. Za amene azisunga kiyibodi, akuti akukanganabe, ndipo nkhaniyo aitengera kwa akulu a mpingo Loweruka likubwerali.